Kodi "mkota" n'chiyani pa mwambi woti "Galu wamkota sakandira pachabe"?

Wofunsa

Akuluakulu, ndithandizeni. Mwambi uwu ndakhala ndikuumva kuyambira ndili mwana, koma dzulo munthu atandiuza kuti ndiumasulire ndinangoti kakasi.

Unatulukira pa mkangano wa nyimbo. Ine ndi mnzanga timatsatira gulu la The Rolling Stones, ndipo masiku ano nkhani yathu ndi imodzi: chimbale chotsatira Hackney Diamonds, chija cha mu 2023, chidzamveka bwanji? Iye akuti anthuwa atha. Mick Jagger ndi Keith Richards onse anabadwa mu 1943, Ronnie Wood mu 1947, ndiye chatsala n'chiyani choti atiuze? Ine ndinamuponyera mwambiwu poganiza kuti ndamutseka pakamwa. Koma iye anati, "Mkota n'chiyani? Ngati ndi galu wokalamba, wokalambatu ndiye amakanda paliponse, chifukwa mphuno inafa kale."

Funso langa lili pawiri. Mawu oti mkota amatanthauza chiyani kwenikweni? Nanga kukandako, galuyo akudzikanda pathupi kapena akukanda pansi? Sindikufuna kumagwiritsa ntchito mwambi umene sindikuumvetsa, makamaka poteteza oimba amene ndimawakonda.

Mphunzitsi wopuma

Mwanangu, mwafunsa bwino, ndipo mnzanuyo waphonya pa liwu limodzi lokha. Mkota si nkhalamba.

Liwuli timalimva kwambiri pa ziweto. Mbuzi yamkota ndi yaikazi yokhwima, imene inaberekapo. Chimodzimodzinso ng'ombe yamkota. Imene sinabereke, thupi lidakali lanthete, timati msoti. Ndiye chosiyanitsa msoti ndi mkota si kuwerenga zaka ayi, koma zimene chiwetocho chadutsamo. Tikati nkhalamba timanena za mphamvu zimene zatha. Tikati mkota timanena za kukhwima, ndipo mkota umathanso kubereka.

Kukandako ndi kwa pansi. Kagalu kamafukula dothi paliponse, apa pang'ono, apo pang'ono, chifukwa kwa iko ndi masewera. Galu wamkota amadutsa malo ambiri osaima. Akaima n'kuyamba kukanda, dziwani kuti pansipo pali kanthu, kaya ndi mbewa, kaya ndi fupa limene anakwirira yekha kalekale. Muonenso kukoma kwa liwu loti "pachabe". Limanena malo opanda kanthu, limanenanso kuchita chinthu popanda chifukwa, ndipo zonse ziwiri zikugwira ntchito m'mwambimu.

Tanthauzo lake ndi lakuti munthu amene waona zambiri akalimbikira chinthu, pali chifukwa chake, ngakhale inu oonerera simunachione. Koma chenjerani. Mwambiwu sukulonjeza kuti chotuluka m'dzenjemo chikhala chachikulu kapena chatsopano. Ukungoti chilipo.

Za oimba anuwo ndisiyira odziwa.

Woimba gitala

Aphunzitsi, mwatitsegula m'maso. Fupa lokwirira kale lija landikumbutsa Tattoo You, chimbale cha mu 1981, ndipo ndikuona kuti yankho la mkangano wonsewu lili pamenepo.

Ambiri sadziwa kuti nyimbo zambiri za pa chimbalecho sizinali zatsopano. Gululi linali pafupi kuyamba ulendo wokaimba ku America, Jagger ndi Richards sankamwerana madzi bwino, ndipo nthawi yokhala pansi kupeka nyimbo panalibe. Chris Kimsey, amene ankagwira nawo ntchito mu situdiyo, anayamba kumvetsera matepi akale a zaka za m'ma 1970, nyimbo zimene anazisiya zosamaliza, zina zopanda ndi mawu omwe. Anasankhamo zabwino, Jagger n'kuikamo mawu. Chimbale chochokera m'zotsalira chimenecho chinafika pa nambala 1 ku America, ndipo nyimbo yake yoyamba ndi imodzi mwa zimene amaimba kawirikawiri mpaka pano.

Tsono taganizani. Pakati pa A Bigger Bang cha mu 2005 ndi Hackney Diamonds panadutsa zaka 18 osatulutsa chimbale cha nyimbo zawozawo zatsopano, koma mu situdiyo ankalowamo ndithu. Charlie Watts, amene anawaimbira ng'oma kuyambira mu 1963, anamwalira pa 24 Ogasiti 2021. Pa Hackney Diamonds ng'oma zake zikumveka m'nyimbo ziwiri zokha, zimene anajambula mu 2019, ndipo m'nyimbo zina zonse zokhala ndi ng'oma anaimba Steve Jordan. Jagger mwini wake ananena mu 2023 kuti anajambula nyimbo zambiri kuposa 12 zimene zinalowa pa chimbalecho. Ine ndikuganiza kuti chotsatira chidzachokera m'mulu umenewo, ndipo ngati muli nyimbo ina imene Watts anaimbamo, ndikupempha kuti asaibise.

Watts ankamenya ng'oma ngati akutsalira pang'ono m'mbuyo mwa gitala ya Richards, ndipo kutsalirako ndiye kunali kukoma kwa gululi. Jordan ndi katswiri, wakhala akuimba ndi Richards kuyambira zaka za m'ma 1980, koma dzanja lake ndi lolemera. Akamenya umamva kuti nyimbo yakankhidwa.

Mchemwali wa blues

Achimwene a gitala, za Watts tagwirizana, koma za matepi ayi. Dzenje la anthuwa si matepi. Dzenje lawo ndi blues, mtundu wa nyimbo zakale za anthu akuda a ku America.

Jagger ndi Richards, amene ankadziwana ali ana, anakumananso pa siteshoni ya sitima ku Dartford mu 1961, Jagger atanyamula zimbale za Chuck Berry ndi Muddy Waters. Dzina lenileni la gululi linachokera pa nyimbo ya Muddy Waters. Ndipo nthawi zonse akasokera, kumene amabwerera n'komweko. Mu 1967 anatengeka ndi chamba cha nyimbo chimene chinali m'fasho nthawi imeneyo, natulutsa Their Satanic Majesties Request, chimbale chimene mpaka lero otsatira amagawikana nacho. Chaka chotsatira anabwerera ku blues ndi Beggars Banquet, ndipo kuchokera pamenepo kufika pa Exile on Main St. mu 1972 anatulutsa zimbale zinayi zimene palibe amazitsutsa.

Nanga Blue & Lonesome cha mu 2016? Anachijambula masiku atatu okha ku London, nyimbo zakale za akatswiri a blues, onse akuimbira limodzi. Mvetserani mmene Jagger akuuzira hamonika mmenemo. Palibe chimene akufuna kutsimikizira munthu, akungoimba chimene amachidziwa.

Chimene chinandikhumudwitsa pa Hackney Diamonds ndi kuchuluka kwa alendo. Paul McCartney pa besi, Elton John pa piyano, Stevie Wonder, Lady Gaga. Aliyense payekha ndi wabwino, ndipo nyimbo imene Lady Gaga anaimbamo ndimaikonda, sindinama. Koma ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Nyimbo imene inandigwira mtima ndi yomaliza, ya Muddy Waters ija, mmene muli anthu awiri okha, gitala ndi hamonika. Galu wamkota amakanda pamene anakwirira fupa. Abwerere komweko, alendo atsale kunyumba.

Mnyamata wa zamakono

Achemwali, mwaulemu ndithu, mwadumpha 1978.

Nthawi imeneyo achinyamata a punk ku London ankati The Rolling Stones ndi nkhalamba, pamene Jagger anali ndi zaka za m'ma 30 zokha. Iwo sanathawire ku blues. Anatulutsa Some Girls, momwe muli disco, muli liwiro la punk, muli country. Richards sankaikonda kwenikweni disco, koma nyimbo ya disco ija inafika pa nambala 1 ku America, ndipo chimbalecho ndi chimodzi mwa zimene zinagulidwa kwambiri pa zonse zawo. Akanamvera malangizo ngati anuwa, bwenzi lero tikuwakumbukira ngati gulu la zaka za m'ma 1960 basi.

Andrew Watt, amene anajambula Hackney Diamonds, anabadwa mu 1990. Anthu ankati mwana amene anagwirapo ntchito ndi Justin Bieber ndi Post Malone angawauze chiyani amkhalakale. Koma ndi iye amene anawathandiza kumaliza m'miyezi yochepa ntchito imene inakanika zaka zambiri, ndipo chimbalecho chinapata mphoto ya Grammy mu 2025. Ine ndikufuna abwererenso kwa iye, ndipo ayese zimene sanayesepo.

Mchemwali wa blues

Anayesanso mu 1997 pa Bridges to Babylon, pamene Jagger anaitana ojambula nyimbo zamakono otchedwa The Dust Brothers. Ndi nyimbo zingati za pamenepo zimene mumaziimba pamtima, achimwene?

Mnyamata wa zamakono

Ziwiri kapena zitatu. Koma kulephera kamodzi si chifukwa chosiyira kuyesa.

Mphunzitsi wopuma

Ana anga, ndakhala ndikuwerenga, ndipo ndikuona kuti aliyense akukokera mwambi kumbali yake. Mundilole ndiubweze pakati.

Mwambiwu sunena kuti galu wamkota amakanda dzenje limodzi moyo wake wonse. Mayi a blues, pamenepo mwawonjezera zanu. Sunenanso kuti amakanda malo atsopano tsiku lililonse. Zimenezo ndi za kagalu. Chimene mwambi ukutama ndi mphuno, osati miyendo kapena malo. Lero fungo lingamutengere pa fupa lakale, mawa pa una umene sanauonepo. Nkhani zimene mwasimbazi, ya 1968 ndi ya 1978, kwa ine ndi nkhani imodzi. Ulendo wina fungo linali kumbuyo, ulendo wina linali kutsogolo, ndipo maulendo onse awiri analimva.

Chinanso, mwambiwu timauza woonerera, osati galu. Ndi mawu oletsa kupupuluma: usamuseke wamkulu akuchita chimene iwe sukuchimvetsa, dikira uone chotuluka. Si chishango choti akulu azibisalirako akalakwitsa. Wamkulu akanena yekha kuti "ine ndi mkota, musandifunse", ameneyo waupotoza.

Ndipo mwanangu wofunsa, mnzanu uja musamutaye. Pali choona m'mawu ake. Mkota nawo tsiku lina umasanduka nkhalamba, mphuno n'kufooka, n'kumakanda chifukwa cha chizolowezi chabe. Mwambi sunatiuze tsiku lake. Timazindikira poona kuti dothi likuuluka koma m'kamwa mulibe kanthu.

Woimba gitala

Pamenepo ndiye pali mantha anga, aphunzitsi. Hackney Diamonds ndi chimbale chabwino, koma m'malo ena anachipukuta kwambiri. Mawu a Jagger anawakonza mwakuti sungadziwe kuti woimbayo ali ndi zaka 80, magitala onse ali pamwamba, mpata wopumira palibe. Chikumveka ngati anthu akufuna kutiuza kuti sanakalambe.

Pomwe ena anasankha njira ina. Johnny Cash atayamba kugwira ntchito ndi wojambula nyimbo Rick Rubin, chimbale chawo choyamba mu 1994 chinali mawu ndi gitala basi, ndipo pa zimbale zotsatira mawu ake atayamba kunjenjemera sanawabise. David Bowie pa Blackstar anatenga oimba jazz a ku New York, chimbale n'kutuluka mu Januwale 2016, masiku awiri asanamwalire. Wina anavula zonse, wina anapita kumalo achilendo, koma onse awiri anaimba ngati anthu a msinkhu wawo.

Wofunsa

Zikomo nonse, makamaka inu aphunzitsi. Ndinabwera kudzafuna chida chogonjetsera mnzanga, koma mwandipatsa china.

Ndaona kuti mwambiwu ndinaugwiritsa ntchito molakwika. Ndinkautenga ngati ukunena kuti wamkulu salakwa, choncho chilichonse chimene The Rolling Stones angatulutse chidzakhala chabwino. Ayi. Ukungondiuza kuti anthu amene akhala akuimba kuyambira mu 1962, amene ndalama ndi mbiri anazipeza kalekale, akalowanso mu situdiyo ndisafulumire kunena kuti akutaya nthawi. Jagger anachitidwa opaleshoni ya mtima mu 2019, patangopita miyezi yochepa n'kubwerera pa nsanja. Munthu sachita zimenezo popanda chimene akuchimva.

Tsono ngati mundifunsa fungo limene ndikulakalaka atalitsata, si blues yokha, achemwali, ndiponso si zamakono zokha, achimwene. Richards ananena poyera kuti nyamakazi ya m'zala yasintha kaimbidwe kake, ndipo kuti chala chikakana njira ina, amapeza ina. Kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 wakhala akuimba nyimbo zambiri ndi gitala ya nsambo zisanu, atachotsa yachisanu ndi chimodzi, ndiye kuchepetsa si kwachilendo kwa iye. Ine ndikufuna kumva zala zimenezo mmene zilili lero. Ndikufuna kumva mpweya wa Jagger pakati pa mizere, osaufufuta ndi makina. Nyimbo za unyamata anatipatsa zokwanira, ndipo palibe angazilande. Chimene sanatipatsebe ndi chimbale chonse cha anthu amene anataya anzawo a m'gululi, Brian Jones mu 1969, Ian Stewart mu 1985 ndi Charlie Watts mu 2021, n'kutsala akuimbabe. Nyimbo yomaliza ija ya pa Hackney Diamonds inangokanda pamwamba pa dothi limenelo.

Aphunzitsi, funso limodzi lotsiriza, chifukwa mnzanga adzandifunsa ndithu. Mwati mkota ndi chiweto chachikazi chimene chinaberekapo. Kodi m'mwambimu galuyo ndi wamkazi, kapena liwuli likafika pa galu limangotanthauza kukhwima?

Mphunzitsi wopuma

M'mwambimu anthu amalimva ngati kukhwima, mwanangu, ndipo amaunena kwa abambo ndi amayi omwe. Koma ine ndikamaunena ndimaona galu wamkazi amene analerapo ana. Ameneyo anaphunzira kusataya mphamvu pa dzenje lopanda kanthu, chifukwa panali pakamwa pambiri pomudikira.