Amayi akufuna ma probiotic a chikanga, tiziwauza chani pa kauntala?

Technician wa pa famase: Akuluakulu ndithandizeni nzeru. Abwana anaoda makatoni a ma sachet a probiotic, tizilombo tamoyo tabwino ta m'matumbo tomwe munthu amamwa, ndipo akuti tiziwakankhira kwa aliyense wobwera ndi mwana wa chikanga kapena ziwengo. Lero kwabwera mayi ndi kamwana ka chaka ndi miyezi iwiri, masaya okhakhala, kuseri kwa mawondo kakanda mpaka kukutuluka timadzi. Akuti anaona pa TikTok kuti vutoli limayambira m'matumbo. Ndalama yawo inali yokwana chimodzi basi, ma sachet kapena zodzola, ine ndawapatsa emulsifying ointment (mafuta ofewetsa khungu) ndi hydrocortisone 1% (wodzola wochepetsa kutupa ndi kuyabwa), abwana nkhope yagwa. Ndalakwitsa kodi?

Clinical officer wa ku health centre: Achemwali tisanafike kwa abwana anuwo, mwaonetsetsa kuti si mphere? Yang'anani pakati pa zala, m'manja, kumapazi, ndipo funsani ngati ena kunyumba akukanda usiku. Mphere mukaidzoza hydrocortisone imangobisala kenako nyumba yonse yatenga.

Technician wa pa famase: Ndafunsa bwana, wokanda ndi mwana yekha. Bambo ake akuti ali ndi mphumu.

Pharmacist: Ndiye ndi chikanga cha kumtundu chimenecho, ndipo simunalakwe. Chomwe anthu akusokoneza ndi kupewa ndi kuchiza. Nkhaniyi inatchuka mu 2001 pomwe madotolo a ku Finland anapereka probiotic wa mtundu wa Lactobacillus GG kwa amayi oyembekezera masabata omaliza, kenako miyezi 6 mwana atabadwa, m'mabanja omwe muli mphumu ndi ziwengo. Pofika zaka 2 ana a chikanga anali 23% poyerekeza ndi 46% kwa omwe sanalandire. Koma kumeneko nkupewa, mwana asanadwale. World Allergy Organization mu 2015 inati mutha kuyesa m'mabanja otere koma inanenanso yokha kuti umboni wake ndi wofooka kwambiri. Za mwana amene wayamba kale kukanda, Cochrane, gulu lounika kafukufuku wa zaumoyo, mu 2018 inasonkhanitsa kafukufuku 39, anthu pafupifupi 2,600, nkupeza kuti kuyabwa sikusintha kwenikweni. Komanso onani pa paketi ya abwanayo ngati yalemba mtundu wa tizilomboto, ambiri amangolemba probiotic basi ngati zonse nchimodzimodzi.

Mwini drug store: Koma man, ine makasitomala amabwerera okha kudzati zathandiza. Onsewo akunama?

Pharmacist: Sakunama achimwene, chikanga chimabwera nkumapita chokha. Chimavuta mu Juni ndi Julayi khungu likauma ndi chisanu, mayi amagula sachet tsiku lomwe zafika povuta, ndiye chikamatsika ulemu umapita kwa sachet. Afunseni bwino mupeza kuti sabata yomweyo anayambanso kumudzoza Vaseline.

Nesi wa ku sikelo: Ine changa ndi sopo. Amayi ambiri akumusambitsa mwana ndi sopo wochapira uja wa mugo, madzi otentha, nkumukhula ndi chinkhupule kuti zichoke, kenako osamudzoza kanthu. Muziwauza madzi ofunda pang'ono, osakhula, kumupukuta mosisita ndi kudzoza nthawi yomweyo khungu lisanaume, kawiri katatu pa tsiku ngakhale zitapola, zikhadabo azimuwenga. Aqueous cream asamusiye pakhungu, ena imawawotcha. China chomwe chimandiwawa, mayi akamva zoti vuto lili m'matumbo amayamba kuchotsa mazira, nsinjiro, usipa, mwana nkutsala ndi phala la madzi, mwezi wotsatira sikelo yatsika tikulimbana ndi kunyentchera. Asachotse chakudya pokhapokha ngati mwana amatupa kapena kutuluka ziwengo akangodya, ndipo ameneyo ndi wa kuchipatala osati pa kauntala.

Technician wa pa famase: Nanga akafunsa za ma prebiotic anesi? Nawonso akumafunsa.

Nesi wa ku sikelo: Amenewo ndi chakudya cha tizilombo tabwino ta m'matumbo, ndipo mkaka wa m'mawere uli nawo kale. Apitirize kuyamwitsa mpaka zaka 2, awonjezere nyemba zopota, nthochi, masamba. Chambiko pang'ono ndi bho kwa mwana wa msinkhu umenewu. Wosakwana miyezi 6 bere lokha, osati thobwa chonde kkk ndinazionapo.

Clinical officer wa ku health centre: Onjezani izi, probiotic ndi tizilombo tamoyo. Mwana wobadwa masiku osakwana, wonyentchera kwambiri, kapena wa chitetezo chotsika musamupatse. FDA, bungwe loona za mankhwala ku America, inachenjeza mu 2023 khanda lobadwa masiku osakwana litamwalira tizilombo ta mu probiotic titalowa m'magazi. Ndipo timadzi mwanenato, tikayamba kuuma mwachikasu kapena mwana akatentha thupi, abwere afunika antibiotic. Hydrocortisone masiku 7 aonedwenso, betamethasone, wodzola wamphamvu kuposa hydrocortisone, kumaso ayi.

Mwini drug store: Chabwino mwandigonjetsa, koma katundu woti waodedwa kale atani naye mnzathuyu?

Pharmacist: Aone kaye ngati ndi ofuna fuliji, ndi kuthimathima kwa magetsiku mwina anafa kale. Ngati ndi probiotic wa mtundu wa Saccharomyces boulardii amathandizako kutsegula m'mimba kobwera ndi ma antibiotic, agulitse pamenepo, koma Thanzi ndi zinc zikhale patsogolo. Otsalawo abwana akambirane ndi wholesaler awasinthe ndi emulsifying ointment deti isanayandikire.

Technician wa pa famase: Ndaona pa katoni, ndi Lactobacillus wosalemba mtundu, expiry chaka chamawa. Mawa m'mawa ndiwaonetsa abwana zimenezi ayimbire wholesaler, mayi aja ndinawauza abwerenso Lachisanu ndidzaone mawondowo.