Majekete ofiira akukana kusanduka obiriwira

Wosindikiza wa ku Limbe:
Akuluakulu, ndigaireni nzeru. Ndili ndi kasitomala amene amakonda masewera a nkhondo a patebulo, aja amandandalika tiasilikali n'kumaponya madayisi. Wabweretsa PDF ya asilikali a Britain a pankhondo ya ku Waterloo ya 1815, oti ndisindikize, iye akadule, akapinde n'kuimika. Onse ndi a majekete ofiira. Tsono akufuna 24 mwa iwo asanduke a 95th Rifles, amene ankavala zobiriwira zoderako. Ndatsegula mu GIMP, pulogalamu yokonzera zithunzi, n'kukoka Hue-Saturation, yosinthira mitundu, pa zofiira. Jekete lasinthadi, koma nkhope ndi manja zabiriwiranso, ndipo mtunduwo ukuwala ngati masamba a mpiru. Mwiniwake akubwera Loweruka.

Wojambula pa kompyuta, Lilongwe:
Achimwene, khungu la mzungu pa chithunzi limakhala ndi kufiira mkati mwake, ndiye kompyuta siisiyanitsa tsaya ndi jekete. Yambani mwakulitsa chithunzicho kwambiri. Mizere ikakhalabe yosalala ndiye kuti ndi vector: tsegulani mu pulogalamu ya Inkscape, dinani jekete limodzi, pitani pa Select Same, Fill Color, onse asankhika kamodzi.

Wosindikiza wa ku Limbe:
Ndakulitsa, achemwali. Pakuoneka timabokosi tokhatokha.

Wojambula pa kompyuta, Lilongwe:
Basi, Hue muisiye. Lowetsaninso tsambalo mu GIMP pa 300 dpi, ndipo mugwire msilikali mmodzi yekha, kumaso ndi kumbuyo komwe. Sankhani jekete ndi Select by Color, kenako chotsani nkhope ndi manja ndi Free Select mutagwira Ctrl. Kulitsani malo osankhidwawo ndi pixel imodzi, apo ayi m'mphepete mutsala kamzere kofiira kamene kamaonekera kwambiri papepala. Mukatero pangani Desaturate, jekete likhale lotuwa, n'kuliwalitsako ndi Levels. Pamwamba pake ikani layer yatsopano, thirani chobiriwira pamalo omwewo, mode ikhale Multiply.

Ubwino wa Multiply ndi wakuti imangodetsa, siifufuta. Mizere yakuda ya wojambula imakhalabe, makwinya a nsalu ndi mthunzi wa m'khwapa zimaonekabe pansi pa utoto watsopano. Mukangopaka ndi bulashi, msilikali amaphwatalala ngati chidindo. Mmodziyo akakhala bwino, mukopereni ka 24. Fayilo ya GIMP, ya XCF, muisunge, chifukwa kasitomala wotere amabweranso kufuna gulu lina.

Mphunzitsi wa mbiri yakale, Zomba:
Pepani ndilowererepo, ineyo masewerawa ndimasewera. Jekete lokha silikwanira. A 95th buluku lawo linalinso lobiriwira, kolala ndi mapeto a mikono zinali zakuda, malamba a chikopa analinso akuda, pamene anzawo ofiira aja anali ndi malamba oyera opingasa pachifuwa. Choyera Hue siichisuntha n'komwe, chifukwa mulibe mtundu woti usinthe. Njira ya mayiwa igwira, koma pa malamba muike chotuwa choderako, osati chakuda bii, kuti lamba asasowe mu jekete.

Chimene utoto sungakonze ndi chipewa. Ku Waterloo magulu ambiri a Britain anali atavala chipewa cha Belgic, chokhala ndi mbali yakutsogolo yotalika, koma a 95th anali adakali ndi chakale chija chooneka ngati chumuni. Mfuti yawo ya Baker inalinso yaifupi poyerekeza ndi Brown Bess, mfuti ya ofiira aja. Pa kamsilikali ka 28 mm mfutiyo ambiri saiona, koma chipewa wosewera aliyense amachiona ali chiimire. Mufunseni mwiniwake musanataye inki.

Wosindikiza wa ku Limbe:
Aphunzitsi, mwandipulumutsa. Ndamuimbira, wati chipewa ndichidule kutsogoloko ndi Eraser n'kujambulanso mzere wapamwamba. Koma ndasindikiza mmodzi woyesera, watuluka wakuda ngati makala, chonsecho pa sikirini akuoneka bwinobwino.

Wa makina a laser, Mzuzu:
Zimenezo n'zachizolowezi, bwana. Sikirini imawala yokha, pepala limadalira kuwala kwa m'chipinda, ndiye mitundu yoderako imamira. Jambulani timabokosi 6 ta chobiriwira, kuyambira chowala mpaka choderako, musindikize pa pepala lenilenilo limene mugwiritse ntchito. Muyang'ane mutaliika patebulo, inu mutaimirira. Mupeza kuti mwasankha chowala kuposa chimene mumaganiza.

Posindikiza musankhe Actual Size. Mafayilo ambiri otere amapangidwa pa Letter ya ku America, 216 ndi 279 mm, pamene A4 yathu ndi 210 ndi 297. Mukasiya pa Fit to Page, obiriwirawo atuluka aafupi kusiyana ndi ofiira amene kasitomala ali nawo kale. Pepala likhale lochindikala, la 160 mpaka 200 gsm. Tona, inki ya ufa ya makina a laser, imang'aluka popinda, choncho mumuuze ayambe walemba mzere ndi kumsana kwa mpeni.

Wojambula pa kompyuta, Lilongwe:
Muwerengenso tsamba loyamba la PDF ija. Ojambula ambiri amalola munthu kusintha mitundu pa zosewerera yekha, koma osati kugulitsa kwa ena. Inu mulipiritse ntchito ndi inki, fayilo yosinthidwayo ikhale ya mwiniwake.

Wosindikiza wa ku Limbe:
Bokosi lachitatu ndi limene lagwira. Makwinya akuoneka, nkhope zabwerera mwakale, ndayeza ndi rula onse ndi ofanana msinkhu. Kamzere kofiira kanatsalira kumbuyo kwa kolala, ndakachotsa. Aphunzitsi, kanthenga ka pachipewa ndikasiye koyera?

Mphunzitsi wa mbiri yakale, Zomba:
Ayi bambo, kabiriwitseninso.