Kodi kuunikira ubongo kungathandize odwala PTSD (vuto la m'maganizo lobwera munthu akakumana ndi zoopsa)?

Akuluakulu odziwa za ubongo, ndikupempha nzeru zanu pa njira ya optogenetics, momwe asayansi amalowetsa jini (kachidutswa ka malangizo a chibadwa) yochokera ku ndere m'maselo a ubongo, kenako n'kuwadzutsa ndi kuwala kwa buluu kodutsa m'kachingwe kopyapyala. Mu 2012, gulu la Susumu Tonegawa ku yunivesite ya MIT ku America linaunikira maselo a hippocampus (gawo la ubongo lothandiza kukumbukira) a mbewa, ndipo mbewazo zinangouma ndi mantha m'bokosi lina, pokumbukira shoko yamagetsi imene zinalandira kwina.

Chikundisowetsa mtendere ndi ichi: popeza njirayi imafuna kusintha majini ndi kuboola chigaza, kodi ingamuthandize bwanji munthu amene zoopsa zimene anaziona zimamubwerera usiku ndi usana? Kodi pali chithandizo chimene chatuluka kale m'kafukufukuyu?