Achibale akafunsa chifukwa chake pemphero silinachiritse wodwala wawo

Mbusa woyendera odwala:
Atumiki anzanga, ndikupempha nzeru pa nkhani imene ikundisowetsa mtendere pa ntchito yathu ya m'chipatala. Wodwala akamwalira, achibale amene anasala kudya ndi kuchezera usiku wonse akupemphera amandifunsa ngati chikhulupiriro chawo chinali choperewera, ndipo ena amanditsegulira Yakobo 5:15, pamene akunena za pemphero la chikhulupiriro lopulumutsa wodwala. Sindikufuna kuwanamiza, komanso sindikufuna kuwasenzetsa mlandu wa imfayo.

Namwino wamkulu:
Abusa, ndi bwino mudziwe zimene ofufuza anapeza. Mu 2006, Dr Herbert Benson wa ku yunivesite ya Harvard ndi anzake anatulutsa zotsatira za kafukufuku wa odwala 1,802 amene anachitidwa opaleshoni ya mtima m'zipatala zisanu ndi chimodzi za ku America. Mwa odwala amene anapemphereredwa koma osauzidwa motsimikiza, 52 pa 100 alionse anakumana ndi zovuta pambuyo pa opaleshoni, pamene mwa osapemphereredwa anali 51. Amene anauzidwiratu kuti akuwapempherera ndiwo anavutika kwambiri, chifukwa anafika 59. Komabe ofufuzawo sakanatha kuletsa achibale kupempherera odwala awo, choncho gulu losapemphereredwa konse panalibe.

Chimene chimandidetsa nkhawa ine ndi lonjezo la machiritso. Ndapezapo mapiritsi atakulungidwa m'kansalu kunsi kwa pilo, wodwala akunena kuti kumwa mankhwala atamupempherera kukhala ngati kumukayikira Mulungu.

Mbusa wopuma:
Amayi namwino anena zoona. Kwa ine, kafukufukuyo akungoonetsa kuti pemphero silingayezedwe ngati mlingo wa mankhwala, ndipo Malemba sanabise zimenezi. Davide anasala kudya ndi kugona pansi kupempherera mwana wake, koma mwanayo anamwalira tsiku lachisanu ndi chiwiri. Paulo anapempha katatu kuti munga wa m'thupi mwake uchoke, ndipo sunachoke. Yesu mwini ku Getsemane anapempha kuti chikho chimupitirire, koma anamwabe chikhocho. Ndani angayerekeze kunena kuti atatuwa anali operewera chikhulupiriro? Ngakhale Hezekiya, amene anachira atapemphera, Yesaya analamula kuti amuike nkhuyu pa chithupsa chake, monga tiwerenga pa 2 Mafumu 20:7.

Koma musawakhuthulire mavesi onsewa thupi lisanachoke n'komwe m'wodi. Mayi amene wagwira chikwama cha zovala za malemu safuna phunziro la Baibulo. Khalani naye pansi, mumumvetsere mpaka amalize, kenako mumuuze momveka bwino kuti imfayi sinabwere chifukwa cha kufooka kwa pemphero lake. Mavesiwo mudzawatchule mukadzapita kukapepesa maliro, akadzafunsanso okha.

Namwino wamkulu:
Ndiwonjezere pempho limodzi kwa abusa nonse. Musanalowe m'wodi, muziyamba mwadutsira kwa ife kapena kwa adokotala, kuti wodwala akavomereza tikuuzeni mmene matendawo afikira. Ngati tikuona kuti moyo uli pafupi kutha, mukhoza kupempherera machiritso ndithu, koma muphatikizepo kupempha mphamvu za achibale ndi kuchepa kwa ululu, kuti banja liyambe kukonzekera wodwala akadali moyo.