Zoonjezera pa funso la mankhwala okhalitsa m'thupi olimbana ndi MRSA

Funso lija linali lakuti kodi munthu amene khungu lake lagwidwa ndi MRSA, mabakiteriya osamva mankhwala ambiri, ayenera kugonekedwa m'chipatala sabata yathunthu kuti azilandira mankhwala a vancomycin m'dripu kawiri patsiku. Yankho lake ndi lakuti si wodwala aliyense amene ayenera kutero.

Mu 2014 bungwe la FDA, loona za zakudya ndi mankhwala ku America, lidavomereza dalbavancin ndi oritavancin, mankhwala amene amaononga chikuta cha mabakiteriyawa. Dalbavancin angathe kuperekedwa kamodzi kokha, mamiligalamu 1,500 m'mtsempha kwa mphindi 30, ndipo popeza amakakamira ku mapuloteni a m'magazi, pamatenga pafupifupi masabata awiri kuti theka lake lichoke m'thupi. Oritavancin nayenso amaperekedwa kamodzi, mamiligalamu 1,200. Wodwala amene mwendo wake watupa, wafiira ndiponso ukutentha angathe kubwerera kwawo tsiku lomwelo popanda kachubu kotsalira pamkono.

Komabe chondidetsa nkhawa ndi kukhalitsa komweko, chifukwa thupi likawakana mankhwalawa palibe njira yowachotsera msanga. Amagwira mabakiteriya a gulu limodzi lokha lotchedwa Gram-positive, momwe mulinso MRSA, choncho nkofunika kuyeza mafinya, ndipo chithupsa chimafunikabe kuchitumbula. Oritavancin amasokonezanso zotsatira za kuyeza kuundana kwa magazi, moti wodwala sapatsidwa heparin wa m'mtsempha, mankhwala oletsa magazi kuundana, kwa masiku asanu atalandira oritavancin. Mtengo wa mankhwala awiriwa ndi wokwera, ngakhale kuti amachepetsa masiku ogona m'chipatala.