Ndithandizeni: ma Brussels sprouts a uchi akumapserera kunja, mkati ali aawisi

Wofunsa:
Moni nonse pagulu pano. Ndabwera ndi vuto la kukhitchini, masiku atsala ochepa, chonde amene uvuni mumaudziwa bwino ndithandizeni.

Ndimakhala ku Lincolnshire ku England, kufupi ndi tawuni ya Boston, ndipo amuna anga ndi a konkuno. Khirisimasi iliyonse timakadyera kwa apongozi. Patebulo pawo sipalephera nkhukundembo, mbatata yowotcha, ndi tikabichi tating'ono tija, ma Brussels sprouts. Apongozi aakazi amawaphika chimodzimodzi chaka ndi chaka: amakhala pampando ndi kampeni kawo, kudula kamtanda kunsi kwa lililonse, kenako kuwabwatitsa m'madzi mpaka afewe. Chaka chino nyamakazi yawagwira m'manja, mpeni sakutha kuugwira. Sabata yatha anandiitana n'kundiuza kuti ndiwo imeneyi aisiya m'manja mwanga. Zaka zinayi ndakhala ndikudya pakhomo paja osapatsidwapo mphika pa tsikuli, ndiye ndikufunitsitsa ndichite bwino.

Kuntchito mnzanga anabwera nawo owotcha mu uvuni, a uchi ndi bekoni. Kutsekemera pang'ono, kamchere pang'ono, masamba akunja ouma bwino, okukutika mkamwa. Amenewo ndi amene ndikufuna, koma ndayesa kawiri zakanika. Ulendo woyamba ndinagula oumitsa a mufiriza, thumba la kilogalamu imodzi, ndinakhuthulira lonse pathireyi, mafuta, uchi, madigiri 180 kwa mphindi 35. Anatuluka akusambira m'madzi, ofewa ngati phala, fungo lili guu nyumba yonse. Ulendo wachiwiri ndinagula aawisi, osawadula, ndinawapaka uchi poyambirira pomwe n'kukweza moto kufika 220. Kunja anada bii, owawa, uchi unamatirira pathireyi ngati phula, koma mkati ali gwa.

Ndikulakwitsa pati? Uchi umalowa nthawi yanji? Tidzakhala akuluakulu asanu ndi atatu, ana awiri ndi khanda la alamu anga, ndiye ndigule ochuluka bwanji? Chinanso, uvuni wa apongozi ndi umodzi, tsikulo umakhala wodzaza ndi nyama ndi mbatata, ine ndidzalowetsa liti thireyi yanga?

Mayi wa ku Leeds:
Achemwali, musadandaule, zonse ziwirizo ndinadutsamo. Koyambako anakuvutani ndi madzi, kwachiwiriko ndi shuga.

A mufirizawo amakhala atawiritsidwa kale pang'ono asanawaumitse, ndiye akamasungunuka amatulutsa madzi ambiri. Mukawaunjika pathireyi imodzi nthunzi imasowa kothawira, amangofutika m'malo mowotcheka. Fungo lija limabwera chifukwa chokhalitsa pamoto wonyowa, monga mmene kabichi amachitira mukamuiwala pamphika. Pa Khirisimasi gulani aawisi basi.

Ine ndimachita chonchi. Kwa anthu amenewo kilogalamu imodzi ikwana, popeza patebulo pali zina zambiri, koma onjezani theka ngati ndi okonda kubwereza. Dulani kachitsa kakunsi pang'ono chabe, chotsani masamba achikasu, kenako lililonse muling'ambe pakati kutsata tsinde kuti masamba asayoyoke. Aang'ono kwambiri asiyeni athunthu, aakulu kwambiri muwadule panayi, kuti onse apsere limodzi. Mukatsuka muwapukute ndi kansalu ka mbale mpaka aume ndithu. Apa ndi pamene anthu ambiri amachita ulesi. Athireni m'beseni, mafuta masupuni aakulu atatu, mchere kasupuni ka tiyi kamodzi, sakanizani ndi manja kuti lililonse linyezimire.

Thireyi muilowetse kaye mu uvuni yopanda kanthu kuti itenthe. Moto ukhale 220, kapena 200 ngati uvuni ndi wa fani. Ndiye muwayale mbali yodulayo itagona pachitsulo, limodzilimodzi, pakati pazioneka mpata. Kilogalamu imodzi ikufuna mathireyi awiri, musakakamize pa imodzi. Mphindi 15 zoyamba musawakhudze. Mukatembenuza limodzi mupeza kunsi kwafiira bwino, pamenepo ndiye pali kukoma konse, chifukwa shuga wa m'masamba momwemo ndi amene wapsa bwinobwino. Onse pamodzi amatenga mphindi 20 mpaka 25.

Uchi umapserera msanga kuposa ndiwoyo, n'chifukwa chake unakudetserani. Sakanizani masupuni awiri a uchi ndi supuni imodzi ya viniga wa balsamic, muthire kutatsala mphindi zitatu kapena zinayi, gwedezani thireyi, bwezerani mu uvuni. Timasamba timene tayoyoka podula musatitaye, tiponyeni pathireyi pomwepo, timauma ngati makirisipi ndipo ana amalimbirana timeneto.

Wofunsa:
Zikomo kwambiri amayi. Nanga kamtanda kamene apongozi amadula kaja?

Mayi wa ku Leeds:
Kamtanda ndi ka owiritsa athunthu, ankatero kuti kuchitsa kupse msanga. Mukang'amba pakati sikafunikanso. Ngakhale powiritsa, kamangolowetsa madzi ambiri mkati.

Bambo wa ku Dublin:
Ndimagwira ntchito kukhitchini ya hotela, mwezi uno timawotcha amenewa tsiku ndi tsiku. Zonse anena amayi a ku Leeds ndi zoona, koma pa uchi ndisiyana nawo. Ine sindiubwezeranso mu uvuni. Tsiku la Khirisimasi mudzakhala ndi zambiri m'mutu, mphindi zinayizo zikangokhala zisanu ndi zitatu basi mwapsereza. Tulutsani thireyi, khuthulirani m'mbale yaikulu adakali otentha, thirani uchi wosakaniza ndi viniga uja, tembenuzani. Kutentha kwawo komweko kumausungunula n'kuumatiza. Mukalawa n'kumva kuti kutsekemera kwapitirira, finyirani ndimu pang'ono.

Bekoni magalamu 150 akwana. Muduleduleni ting'onoting'ono, mukazingeni pachiwaya payekha mpaka aume, mumuike pambali. Mafuta amene atsala m'chiwayamo ndi amene musakanizire ma sprouts aja, muchepetse mafuta ena ndi mchere, paja bekoni ali ndi mchere kale. Tizidutswato mudzawaze pamapeto. Adyo ngati mukumufuna alowe mphindi zisanu zomaliza, akalowa koyambirira amawawa.

Za uvuni musavutike. Nkhukundembo ikapsa siidulidwa nthawi yomweyo, imayenera kukhala pambali itavundikiridwa ndi foyilo kwa theka la ola kapena kupitirira, kuti msuzi wake ukhazikike. Imeneyo ndiyo nthawi yanu. Ikangotuluka kwezani moto, lowetsani mathireyi. Kudula ndi kutsuka muchitiretu dzulo lake, muwasunge mufiriji m'mbale yoyalamo pepala lakukhitchini, m'mawa adzakhala atauma okha. Mafuta ndi mchere zokha muthire pa nthawi yowotcha, mchere ukagonamo umatulutsa madzi.

Mayi wa ku Area 25, Lilongwe:
Pepani pondilowerera, zimenezi ndi kabichi wosakhwima kapena? Ndipo ndiwo ya masamba mpaka kuthira uchi? Bwanji osangotendera ndi nsinjiro, akuchimuna adziwe kuti mtengwa wawo ndi wa ku Malawi?

Mnyamata wa ku Fife:
Amayi a ku 25, si kabichi wosakhwima ayi, koma ndi pachibale. Kabichi, broccoli, cauliflower ndi amenewa ndi mtundu umodzi wa mbewu. Ndinagwirapo ganyu yokolola m'minda kuno ku Scotland. Chomera chake chimatalika kufika m'mawondo kapena m'chiuno, ndipo timitu timeneti timamera mozungulira tsinde lonse, kalikonse m'khwapa mwa tsamba. Dzinalo linachokera ku mzinda wa Brussels ku Belgium, kumene analimidwa kwambiri kalekale. Amakonda kozizira, ndipo chisanu chikawamenya amatsekemerako, n'chifukwa chake a mu Disembala amaposa a mu Seputembala.

Asisi ofunsa, inu muli ku Lincolnshire ndiye muli pamunda penipeni, ambiri a m'masitolo a muno amachokera kwanuko. Mukapeza ogulitsidwa ali patsinde pomwe tengani amenewo, safota msanga. Sankhani olimba mukawafinya, obiriwira, masamba otsekana. Aang'ono amakoma kuposa zimphona.

Za kuwawa, achikulire ambiri kuno amadana nawo chifukwa cha amene ankadya ali ana. M'zaka za m'ma 1990 wasayansi wa ku Netherlands, Hans van Doorn, anapeza mankhwala a m'masambamo amene amabweretsa kuwawa, ndipo makampani a mbewu anayamba kusankha mitundu imene ili nawo ochepa. Amakono sawawa ngati akale. Komabe pali anthu amene lilime lawo mwachibadwa limamva kuwawako kwambiri, ndiye wina akasiya m'mbale musadziimbe mlandu. Ife tinakulira luni ndi chisoso, kwa ife kuwawa kumeneku n'kochepa.

Wofunsa:
Amayi a ku 25, kutendera ndinayesapo tsiku lina, ndinawadula mopyapyala ngati mpiru, ndi nsima zinayenda bwino zedi. Koma patebulo la tsikuli pamakhala gravy, msuzi wa nyama uja, ndi mbatata yowotcha, ndiye ndikufuna youma. Mwandipatsa maganizo komabe. Kuno amakonda kuthiramo ma chestnuts, mtedza wa mumitengo, bwanji ine nditakazinga mtedza n'kuusinja pang'ono, kuwaza pamwamba?

Bambo wa ku Dublin:
Mtedza ukugwirizana kwambiri ndi uchi. Muukazinge padera, muupete, muuphwanye osafika pa nsinjiro, muwaze pomaliza penipeni kuti usafewe. Kambuzi pang'ono mu uchimo ndiye zimatheka, koma kwa azungu achikulire ikani tsabola pambali.

Namwino wa ku Manchester:
Ndawerenga kuti pali khanda, ndiye ndati ndisadutse. Mwana wosakwana chaka asalawe uchi ngakhale pang'ono, ngakhale wophikidwa. Ungathe kukhala ndi tizilombo toyambitsa matenda oopsa otchedwa botulism, ndipo moto wa kuphika kwathuku sutipha. A NHS, oyendetsa zaumoyo kuno ku UK, amanena zimenezi momveka. Ngati wayamba kudya, mupatulireni ake musanathire uchi, mchere ndi bekoni. Mtedza wathunthu sapatsa mwana wosakwana zaka 5 kuopa kutsamwa, komanso mufunsiretu ngati pali amene thupi lake limadana ndi mtedza, kuno alipo ambiri ndipo ena amafika pobanika. Ndi bwino mtedzawo ukhale m'kambale kake, aliyense adziwazire.

Funso lina: pa achikulirewo pali amene akumwa warfarin, mankhwala ochedwetsa magazi kuundana?

Wofunsa:
Khandalo lili ndi miyezi 10, za uchi sindimadziwa, mwandipulumutsa. Apongozi aamuna amamwadi warfarin chiwapangireni opaleshoni ya mtima. Ndiye asadye?

Namwino wa ku Manchester:
Adye, si zoletsedwa. Nkhani ndi yakuti ma sprouts ali ndi vitamini K wambiri, amene amathandiza magazi kuundana, pamene warfarin ntchito yake ndi kuchedwetsa kuundanako. Chofunika n'chakuti asasinthe kadyedwe mwadzidzidzi. Muyeso umene amadya chaka chilichonse uli bwino. Chimene chimavuta ndi kubwereza katatu, kenako kudya otsala masiku anayi otsatizana. Akakhala ndi nkhawa afunse kumene amakayezetsa INR, muyeso wa kaundanidwe ka magazi.

Agogo a ku Luton:
Mwana wanga, ophika akuuza zonse, ine ndinena china. Mayi ameneyo wakhala akuwiritsa ndiwo imeneyi mwina kuyambira amuna ako asanabadwe. Manja amukana, mtima ukumuwawa, ndipo pokupatsa iwe ntchitoyi wakulemekeza. Usakachotseretu kaphikidwe kake patebulo pake. Patula pang'ono, mwina khumi ndi awiri, uwiritse m'madzi amchere mphindi zisanu kapena zisanu ndi imodzi basi, ukhetse, uthire batala. Soda usathiremo monga timachitira ndi nkhwani, amasanduka phala. Ndipo upite ukawafunse okha kuti amathira mchere wochuluka bwanji, ukakhale nawo pansi akuuze.

Wofunsa:
Agogo, mwandikhudza. Ndimangoganiza zokasangalatsa anthu, za mtima wawo sindinaziganize. Ndipita Loweruka, ndikatenga thumba limodzi tikasankhire limodzi masamba, zimenezo manja awo angathe.

Wofunsa:
Ndabweranso ndi zotsatira. Madzulo ano ndayesa ndi theka la kilogalamu. Ndinang'amba pakati, ndinapukuta mpaka kansalu kananyowa, thireyi yotentha, ndipo pongowayala anayamba kulira ngati nyama pachiwaya. Pa 200 wa fani anatenga mphindi 22. Kunsi kofiira, mkati mofewa koma mosaphwanyika, m'nyumba mulibe fungo lija. Uchi ndinathira atatuluka monga ananenera abambo a ku Dublin, ndipo ndinachepetsa kufika supuni imodzi popeza anali theka. Amuna anga, amene chaka chilichonse amatenga atatu okha, anadya ali chiimire pachitofu.

Chatsala chimodzi. Ndaimbira alamu, akuti uvuni wa apongozi ndi wa gasi, wopanda fani, ndipo pansi sipatentha ngati pamwamba. Ndi mathireyi awiri nditani?

Mayi wa ku Leeds:
Ikani pa gas mark 7, ndiye 220 yo. Nyama ikatuluka dikirani mphindi 10 uvuni utenthe bwino mathireyi ali momwemo. Imodzi pamwamba, ina pakati, zikatha mphindi 12 muzisinthanitse msangamsanga osasiya chitseko chotsegula. Yachiwiriyo ikaoneka yotuwa isiyeni pamwamba mphindi zina zisanu pamene mukuwiritsa a apongozi aja. Mathireyi mutenge anu a kunyumba, amene mwayesera lerowa, ndipo Loweruka mukapita mukawayeze ngati akulowa mu uvuni wawo.