Mayina a ma disk ndi network akumangosinthasintha pa Ubuntu, thandizeni

Moni nonse akuluakulu. Ndili ku Mangochi boma, ndimasamalira kompyuta yomwe timasungirapo mafayilo a makasitomala pa shopu yathu yosindikiza mapepala, ndi desktop yakale ya Dell yokhala ndi Ubuntu Server 22.04 (mtundu wa Linux), mkati muli ma disk awiri kenako ina ya USB ya backup.

Vuto ndi loti magetsi akathima nkuyakanso, disk yomwe dzulo inali /dev/sdb lero ikupezeka /dev/sdc, makamaka ya USB ija ikakhala yolumikiza poyatsa. Mu /etc/fstab (fayilo yomwe imauza kompyuta ma disk oti ilumikize poyatsa) ndinaika kale ma UUID (manambala ozindikirira partition iliyonse) omwe ndinawatenga ndi command ya blkid ndiye ku mount kulibe vuto, koma script yanga yoyang'ana ma disk ndi smartctl imafuna disk yonse osati partition, ndiye ikumawerenga yolakwika.

Chomwe chandisowetsa mtendere kwambiri ndi network. Nditawonjezera khadi ina ya PCIe dzina la khadi ya network linachoka pa enp2s0 kupita pa enp3s0, netplan (pulogalamu yokonzera network pa Ubuntu) osaizindikiranso, ma kompyuta a kutsogolo osaonanso server, anthu ali pamzere ndi ma CV awo kutentha kwa kunoku mukukudziwa. Ndinayesa net.ifnames=0 mu GRUB (pulogalamu yomwe imadzutsa Ubuntu poyatsa), eth0 ndi eth1 zinabwera koma nazonso nthawi zina zikumasinthana malo ndiye ndinachotsa.

Funso langa ndi ili: pa script ndigwiritse /dev/disk/by-id kapena by-path? Nanga pa network chokhalitsa nchiti, match macaddress ndi set-name mu netplan, kapena fayilo ya .link mu /etc/systemd/network? Amene munazichitapo chonde ndionetseni momwe munalembera fayilo yanu. Zikomo kwambiri.